Kumwetulira Kobwereka

Amayi anga amati mwamuna amene wakujambula n'kukuonetsa chithunzi pompopompo alibe chobisa, koma amene akuti dikira ndikatsuke kaye mumdima ndiye woyenera kumuopa. Mawu amenewa ankandiuza Lamlungu lililonse ndikapita kukawaona, ndipo Lamlungu lililonse ndinkabwerera kukachipinda kanga ka lendi ndili khuma.

Ndimagwira ntchito m'shopu yosindikiza zithunzi. Malo anga ali kuseri kwa kauntala, pakona popanda zenera, pamene pali kompyuta, sikana, ndi makina akale otsukira filimu amene abwana akhala akulumbira kuti awagulitsa kuyambira tsiku limene ndinalembedwa ntchito. Ntchito yanga ndi kuonerera anthu ena akusangalala. Akwati, makanda, omaliza sukulu atavala mikanjo, onsewo amadutsa pamaso panga. Ndimawafufuta ziphuphu, ndimawawalitsa nkhope, kenako ndimatseka shopu n'kukaphika tiyi wa munthu mmodzi. Pa zaka makumi atatu ndi chimodzi, kusungulumwa kunali kutandikwana, sindibisa.

Kachikale analowa m'shopumo tsiku lina mvula ikugwa. Dzinali anamupatsa anzake ojambula, chifukwa mwa onsewo ndi iye yekha amene anakakamirabe kamera ya filimu, yachitsulo, yolemera ngati ayironi ya makala. Anaika mafilimu atatu pakauntala n'kufunsa ngati kuno kudakali munthu wodziwa kutsuka zoterezi.

"Alipo," ndinatero.

"Ali kuti?"

"Mukulankhula naye."

Anandiyang'ana kwa kanthawi, madzi akudontha kuchipewa chake. "Ndiye abwana anu azikusungani ngati dzira. Mwatsala nokha."

Kungotero basi, ine mtima unapita. Patatha miyezi isanu ndi itatu tinali tikuitanana kuti iwe, ndipo ankandidikira panja ndikamatseka shopu.

Koma panalinso Malenzi, wojambula maukwati, amene amayenda ndi chikwama chodzaza malenzi ndiponso galimoto yoyera. Zithunzi zake amasindikizira kwathu. Anandifunsira kawiri, ndinamukana kawiri, ndiye anangozungulira n'kukalowera kwa amayi. Anawajambula paukwati wa msuweni wanga, chithunzi n'kuwatumizira pafoni asanameze n'komwe keke. Kuchokera tsiku limenelo Malenzi anasanduka "mwana wanga", pamene Kachikale anali "wakoyo".

*

Lamlungu lina ndinapeza nkhope yanga itatsamira khoma pabalaza pa amayi, m'fulemu yagolide, kukula kwake ngati chitseko cha kabati. Malenzi anali atandijambula ndili pakauntala osandipempha, n'kukasindikizira kwina kuti ndisadziwe.

"Taona," anatero amayi atavala magalasi awo. "Mpaka nsidze zikuwerengeka imodziimodzi."

"Ndi ziphuphu zomwe zikuwerengeka, amayi. Taonani ichi cha pachibwano, ngati chulu."

"N'chako chomwe, sanakupatse ndi iye. Nanga wakoyo? Miyezi yonseyi, chithunzi chako chili kuti?"

"Iye amajambula milatho ndi nyumba zakale. Ndiyo ntchito yake."

"Ndiye kuti mlatho ukukuposa?"

Zinandibaya chifukwa zinali zoona: Kachikale anali asanandilozepo kamera ngakhale kamodzi. Ndinkadzinamiza kuti ndi ulemu, koma masiku ena ndikamatsuka mafilimu ake, mizati ndi zitseko zokhazokha, ndinkachita nsanje ndi simenti.

Amayi anavula magalasi n'kuloza chithunzi cha malemu bambo anga, chimene chakhala chokha pakhoma zaka zinayi.

"Bambo akowa analibe ngakhale njinga, koma sabata yachiwiri yomwe anandikokera ku situdiyo. Mwamuna akakukonda amafuna azikuona ngakhale palibe. Ndiye tamvera. Loweruka ubwere ndi chithunzi chojambula wakoyo, chachikulu ngati ichi, chamitundu, osati zakuda ndi zoyera zake zija ngati za pamaliro. Tidzaziika pamodzi. Ndikadzaona kuti amakuona ngati munthu, adzalowa muno n'kukhala pampando wa bambo ako. Apo ayi, usadzanditchulirenso dzina lake."

Amayi anga akanena, anena. Ndinatsuka makapu n'kutsanzika msanga.

*

Lolemba ndinapempha kuweruka dzuwa likadalipo, ndipo ndinapita kwa Kachikale. Amakhala m'chipinda chimodzi pamwamba pa shopu ya mipando. Ndinamupeza akulongedza, chifukwa mawa lake amanyamuka kukajambula mlatho umene ukumangidwa kutali, ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo amakakhalako sabata yonse.

Nditamufotokozera, anasiya kupinda malaya n'kukhala pabedi.

"Anthu sindiwajambula, ukudziwa."

"Ine si anthu."

"N'chifukwa chake."

"Aaa, usandiphere miyambi. Amayi akufuna chithunzi Loweruka. Ngati sukufuna, ingonena, ndidziwe pamene ndaima."

Kenako anadzuka n'kunena kuti mafilimu onse amene walongedza ndi akuda ndi oyera. Anatsegula dirowa ya pansi, nafukula mabatire akale, makiyi opanda zitseko, zingwe, mpaka anatulutsa kafilimu kamodzi kamitundu. Anakatembenuza kawiri.

"Kalilime kali panja," anatero. "Ndi yatsopano."

Ojambula ndi filimu ali ndi chizindikiro chawo. Filimu yatsopano imabwera kansonga kake katatuluka ngati kalilime, ndipo ukamaliza kujambula umakulungira konse m'kati. Ukaona kalilime panja umadziwa kuti sinagwirepo ntchito. Ine ndimazidziwa zimenezi, iyenso amazidziwa, ndipo tonse awiri sitinakayike.

Anakoka mpando wathabwa n'kuuika pafupi ndi zenera osayesa kawiri. Anandikhazika, nanditembenuza chibwano ndi chala chimodzi.

"Ndimwetulire?"

"Ayi. Ungokhala mmene umakhalira ukamandidikira."

Ndinatseka pakamwa n'kumuyang'ana. Kamera inalira katatu, kenako anaitsitsa.

"Katatu kokha? Malenzi amajambula mazanamazana."

"Malenzi amawombera ngati akuingitsa mbalame m'munda. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Ndiye ine ndine nkhono?"

Anaseka, ndipo ndinasangalala kuti waseka. Anakulunga filimuyo, naiika m'dzanja langa n'kundifumbatitsa.

"Utsuke wekha. Ndikabwera ndidzavala jekete, ndikakhale pampando wa bambo akowo."

Ndinatsika masitepe ndikuimba. Ine, munthu wosadziwa kuimba.

*

Lachiwiri m'mawa ananditumizira uthenga wa mawu amodzi, "Ndanyamuka", kenako foni yake inangoti zii. Anali atandichenjeza kuti kumlathoko netiweki imavuta.

Lachitatu masana m'shopu munalibe anthu. Ndinayatsa makina otsukira, ndinalowetsa filimu, ndipo itatuluka ndinavala magolovesi oyera n'kuikweza kunyali monga ndimachitira nthawi zonse. Apo ndiye ndinadabwa. Kamera inalira katatu, ndinamva ndi makutu angawa, koma pafilimupo panali zithunzi khumi ndi ziwiri.

Ndinapemerera fumbi, ndinaiika mu sikana, ndipo ndinadikira. Sikana yathu ndi yaulesi, imatulutsa chithunzi mzere ndi mzere kuyambira pamwamba. Panatuluka zenera, panatuluka tsitsi langa, kenako pambali pa khutu langa panatulukanso khutu lina. Paphewa langa panali phewa lina, litavala malaya amandalasi, a timabokositimabokosi.

Malaya amenewo ndimawadziwa, ndi a Kachikale. Batani lachitatu ndinasokerera ndine.

Zithunzi zitatu zoyamba zinali za anthu awiri osakanikirana, ine ndi mkazi wina. Kuyambira chachinayi mpaka chomaliza anali yekha. Mpando womwewo, zenera lomwelo, kuwala komweko. Wa tsitsi lalifupi, wa khosi lalitali, akuseka ngati munthu amene sanayambe wadikirapo aliyense. Pena watchinga kamera ndi dzanja, pena wanyamula kapu ya buluu imene ine ndimamwera ndikapita kumeneko. Chomaliza anali atagona pabedi, maso ali tsinzi.

Ntchito ndi yanga, ndiye ndinamvetsa msanga chimene chinachitika. Kachikale anajambula mkaziyo kakhumi ndi kawiri, n'kutulutsa filimu isanathe, kalilime n'kukasiya panja kuti adzapitirize tsiku lina. Tsiku linalo silinafike. Anaiponya m'dirowa, anaiiwala, kenako anandijambula pamwamba pa mkazi wina. Munthu amaiwala, koma filimu ayi.

Kulira sindinalire. Ndinangokhala kakasi, magolovesi ali m'manja, ndikuganiza za mawu aja akuti anthu sawajambula. Kani anali atajambulapo, n'kusiya. Belu la pakauntala linalira, bambo wina akufuna chithunzi cha pasipoti. Ndinamukhazika, ndinamuuza kuti asamwetulire, ndinamujambula.

Atapita ndinalemba uthenga: "Filimu ija ndatsuka. Undiimbire." Unangokhala pomwepo osafika. Madzulo ndinabwerera kuchipinda changa, ndinaika foni patebulo n'kumaiyang'anira ngati mkaka uli pamoto, mpaka tiyi anazizira.

*

Lachinayi kunabwera Malenzi ndi kadi ya m'kamera yodzaza zithunzi za ukwati. Munthu ameneyu ali ndi chizolowezi chozungulira kauntala osapempha, ngati shopu ndi ya atsibweni ake. Ine ndinali nditatsegulanso zithunzi zija, sindikudziwa kuti kachingati, ndipo sindinamumve akubwera mpaka analiza kalikhweru kumbuyo kwanga.

"Eee! Madamu, mwasanduka awiri?"

Ndinathamangira mausi, koma madzi anali atatayika kale. Anakoka kampando n'kukhala.

"Musatseke, ndaona. Ndi ya Kachikale iyi, timchenga ta filimu timeneti ndimatidziwa. Tadikirani ndikuonetseni kanthu."

Analowetsa kadi yake n'kutsegula chithunzi changa chija cha pakauntala, nachiika pambali pa cha Kachikale. Anayamba kukulitsa zonse ziwiri.

"Mwaona? Changachi mukhoza kuchikulitsa mpaka kukwana khoma, diso likhalabe diso. Chakechi mukachikulitsa mukungopeza mchenga. Ndiye m'kati mwa mchengamo mukutulukanso mkazi!"

"Pitirizani kukulitsa chanucho," ndinatero.

Anapitiriza. Khungu langa linayamba kuoneka ngati pulasitiki, kenako diso linasweka n'kukhala timabokosi.

"Basi, nachonso chatha," ndinatero. "Musamachite ngati kamera yanu inagwa kumwamba."

"Koma singakuchititseni manyazi chonchi. Ine ndikajambula chosayenera ndimangofufuta."

"Ndiye mwafufutapo angati?"

Anaseka kwambiri. Kenako anatsitsa mawu, ndipo kunena zoona ndinayamba kumuopa pamenepo kuposa pamene ankaseka.

"Madamu, ine ndinakufunsirani kawiri masanasana, aliyense akuona. Kwathu mukukudziwa, amayi anu akundidziwa. Uyu mukumudziwa chiyani? Masitepe ake basi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo."

"Ine si fodya, ndipo inu si mphuno."

"Chabwino. Loweruka amayi andiitana kuti ndidzaone nawo mpikisano."

"Mukawauza?"

"Ine? Ndi ntchito ya chithunzi kulankhula, yanga ndi kujambula."

Anasiya kadi yake n'kutuluka akuliza makiyi a galimoto. Chimene chinandipweteka n'choti pa zonse zimene ananena, panalibe bodza. Kwawo kwa Kachikale sindinkakudziwa, m'bale wake ndi mmodzi yemwe ndinali ndisanamuonepo. Ndinayesa kuimba, foni inandiuza kuti nambala siikupezeka. Ndinaimbanso kuti ndingomva mawu a munthu, ngakhale a mayi wa m'makina uja.

*

Lachisanu ndinadzuka nditaganiza kale. Ndikapita kwa amayi chimanjamanja, Kachikale watha. Ndikapita ndi chithunzi cha anthu awiri, wathanso, ndipo ine ndikhala choseketsa. Mwina mkaziyo ndi wakale, mwina anapita kalekale, mwina ndi nkhani imene munthu angafotokoze. Ndinkafuna ndiimve kuchokera pakamwa pake ndisanamutaye. Munganene kuti ndine chitsiru, sindikana. Koma amene sanaphikepo tiyi wa munthu mmodzi zaka zinayi asandiweruze.

Ndiye ndinachita chimene ndimachitira anthu osawadziwa tsiku ndi tsiku. Ndinakhala pansi kuti ndifufute.

Pa zithunzi zitatu zija, choyamba dzanja la mkaziyo linadutsa pankhope panga, chachitatu ndinagwedezeka. Chachiwiri ndicho chinali chabwino, chifukwa mitu yathu inakhala malo amodzi ndendende, ngati tinachita kupangana. Ndinayamba ndi phewa lake. Ndinachotsa mandalasi a malaya aja kabokosi ndi kabokosi, ndinachotsa khutu, ndinachotsa khosi. Pamalo pofufutapo ndinkabwezeretsa timchenga ta filimu kuti pasaoneke chigamba. Makasitomala akabwera ndinkawathandiza ndi nkhope ya ntchito, akapita ndinkabwerera kwa mnzangayo. Pofika masana ndinali nditamudziwa kuposa mmene ndimadziwira abale anga ena. Anali ndi kachipsera pansi pa khutu, ndipo ndinakachotsa ndi mtima wonse.

Kenako ndinafika pakamwa.

Filimu ikajambulidwa kawiri, chowala chimapambana chakuda. Ine ndinali nditatseka milomo monga anandiuzira. Mnzangayo ankaseka, ndipo mano ake oyera mbee anawotcha filimu pamalo penipeni pamene panali milomo yanga. Pansi pa mano amenewo panalibe changa chotsala choti ndivundukule. Ndinayesa kujambulapo milomo yotseka, ndinaoneka ngati chidole cha m'sitolo ya zovala. Ndinayesa kutenga pakamwa pa chithunzi cha Malenzi, pakamwa posalala pamenepo panakana kukhala pamchenga. Ndinayesa njira zonse zimene ndimadziwa mpaka maso anayamba kundiwawa.

Pomaliza ndinangowasiya manowo. Ndinasalaza m'mbali mwa milomo, ndinakweza masaya pang'ono kuti agwirizane ndi kusekako, ndipo ndinatumiza kupulinta yaikulu.

Pepala linatuluka pang'onopang'ono, lofunda. Ndinaliyala patebulo n'kubwerera m'mbuyo. Mayo ine! Mkazi wa pachithunzipo anali wokongola. Maso anga, mphuno yanga, chipumi cha bambo anga, kuwala kwa pazenera kukutsikira patsaya mofewa. Ndiye kumwetulira kuja. Ndinali ndisanadzionepo wokongola chonchi, ndipo mbali yokongola kwambiri sinali yanga. Apo ndiye ndinalira, nditatembenukira kukhoma kuti misozi isadonthere papepala.

*

Loweruka masana ndinapeza galimoto yoyera itaima kale pakhomo pa amayi. Malenzi anali atavala suti, akumwa tiyi m'kapu ya alendo olemekezeka. Ndinavula chithunzi changa nyuzipepala imene ndinachikutira, ndipo amayi anatiuza kuti tiziimike zonse ziwiri pamipando, motsamira khoma.

Anavala magalasi n'kuyamba ndi cha Malenzi, mphuno itatsala pang'ono kugunda galasi.

"Ichi ndiye chili ngwee. Taonani ndolo, taonani ulusi wa bulauzi. Makina anu ndi oopsa, mwana wanga."

"Ndi ntchito yathu, amayi," anatero Malenzi akudzikonza tayi.

Anasunthira ku cha Kachikale, nachiyandikira chimodzimodzi, n'kukwinya nkhope.

"Ichi bwanji chili ndi timchenga? Ngati wina wachiwaza ufa."

"Ndi mmene filimu imakhalira," ndinatero. "Sichionedwa pafupi chonchi. Tabwererani m'mbuyo."

Anabwerera mpaka pakhomo la kukhitchini. Anavula magalasi. Ine ndinayamba kuganiza kuti aona chigamba. Kenako ndinaona kuti chibwano chawo chikunjenjemera.

"Iwe," anatero ndi mawu otsika. "Kuchokera pamene tinaika bambo ako sindinakuonepo ukuseka chonchi. Ndimayesa kuseka kwako anapita nako. Kodi amakuuza chiyani munthu ameneyu pamene amakujambula?"

"Palibe, amayi."

"Usandinamize. Munthu saseka chonchi popanda chifukwa." Anapukuta maso ndi nsonga ya mpango. "Ine ndakhala ndikulimbana nawe ndikuyesa ndikukuteteza, kani ndikukutsekereza pamene wapeza mtendere. Undikhululukire, mwana wanga."

Amayi anga sanayambe andipepesapo chibadwire changa. Tsiku limene anapepesa, anapepesa chifukwa cha mano a munthu wina. Ndinkafuna nthaka ingong'ambika ndilowe.

Anatembenukira kwa Malenzi. "Musakhumudwe, bambo. Chanucho n'chabwino, palibe angatsutse. Koma mmenemo mwana wanga ali pantchito, akudikira nthawi yoweruka. Umu ndiye ali moyo."

Malenzi anaika kapu pansi mwaulemu. Anadzuka, naima patsogolo pa chithunzicho manja ali m'thumba.

"Mukunena zoona, amayi. Mano okongola kwabasi. Ndikungodabwa kuti madamu amawasunga kuti masiku onsewa."

"Amawabisa!" anatero amayi akuseka uku misozi ikutsika. "Tadikirani ndikatenge hamala ndi msomali."

Atangolowa kuchipinda, Malenzi ananyamula fulemu yake yagolide n'kuima pafupi nane.

"Ntchito mwaigwira, ulemu wanu. Ngakhale ine chigamba sindikuchiona," ananong'ona. "Lero sindinena kanthu, chifukwa sindifuna kuliza mayi wachikulire kawiri tsiku limodzi. Koma ndati lero."

Anatuluka. Ndinamva galimoto ikulira, kenako phee.

Amayi anabwera ndi hamala, anakana kuti ndiwathandize, nakwera okha pampando. Anakhoma msomali pambali pa chithunzi cha bambo anga.

"Muimbire wakoyo," anatero msomali wina uli pakamwa. "Iyayi, ndisamatinso wakoyo. Muimbire mkamwini wanga. Umuuze kuti Lamlungu likubweralo adzadye kuno."

Ndinatulutsa foni m'chikwama kuti ndingonamizira kuimba. Ndisanadine kanthu inanjenjemera m'manja mwanga katatu motsatizana. Netiweki inali itamupeza Kachikale.

Uthenga woyamba unalembedwa Lachiwiri masana, akadali m'basi: "Usatsuke filimu ija. Ndakumbukira kanthu. Chonde usatsuke."

Wachiwiri unali wa tsiku lomwelo la Loweruka: "Wako ndauona tsopano. Ndachedwa."

Wachitatu ndinauwerenga kawiri.

"Ndi mkazi wanga. Anachoka zaka ziwiri zapitazo, koma ukwati sitinathetse. Sabata yatha anandiimbira kuti akufuna kubwerera. Ndinkasowa poyambira kukuuza."

Ndinakweza maso. Amayi anali atapachika kale chithunzicho, ndipo mkazi wa Kachikale ankandisekera kuchokera pankhope panga, pakhoma la kwathu, pambali pa bambo anga.

"Tayang'ana," anatero amayi akadali pampando, hamala ili m'manja. "Chawongoka?"

"Chawongoka, amayi."

"Nanga mkamwini wanga wati bwanji? Abwera?"